Ndinapita ku Joni kukafunsa za malata

Lolemba, m'basi, tangowoloka Zambezi

Ndikulemba pa foni basi ikugwedezeka, ndiye zilembo zikasokonekera mundikhululukire. Tanyamuka ku Lilongwe m'mamawa, tatulukira pa Dedza, ndipo pofika ku Tete tinali titavula majuzi onse. Dzuwa la kuno silidziwa kuti uno ndi mwezi wa Juni.

Ulendowu si wokaona malo. Andituma ndi achemwali anga. Mwana wawo wachisamba watha zaka 9 ali ku Joni, koma nyumba ya mayi ake ikadali yaudzu, ndipo dzinja lapitali inadontha mpaka anasuntha mphasa katatu usiku umodzi. Anzake amene ananyamuka naye anakhoma kale malata, wina anagula ndi chigayo chomwe. Iye kutumiza amatumiza, ya feteleza ndi ya fizi ya azing'ono ake, koma akangomutchulira malata amati, "Chaka chamawa, amayi." Kumudzi mlandu anaugamula kale. Ena akuti ndi mowa, ena akuti pali mkazi wachiwiri, ena akuti analowa kwa aneneri odya ndalama za anthu. Ine ndine malume wake, mwini mbumba, komanso mkulu wa mpingo, ndiye anati pitani mukaone ndi maso.

Njira ya ku Joni si yachilendo pabanja pathu. Bambo anga anapita pa Wenela kukakumba golide. Anabwerako mu 1973 ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Chaka chotsatira, mu Epulo 1974, ndege yobweza anthu a m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Bambo akamakamba nkhaniyo ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: ku Joni umapita ndi mwendo, kubwerako n'kwa Mulungu.

Tisananyamuke pa depoti analowa mlaliki wina, tayi yofiira, n'kutiuza kuti aliyense woponya kangachepe m'chipewa chake adzabwerako akuyendetsa galimoto yake. Ndinavomera nawo Amen, mwaulemu chabe. Chipewa chinandidutsa.

Lachitatu, Rosettenville

Dzulo lonse lathera pa mizere: Nyamapanda, Harare, Masvingo, kenaka Beitbridge kumene tinaima mpaka miyendo kutupa. Tafika pa Park Station kukucha. Kuzizira kwake ndi kolasa m'mafupa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, kuposa tauni ya Dedza imene timaiopa ija.

Muphwa wanga ndinamuzindikira ndi kayendedwe, osati nkhope. Waonda. Jekete lake latha m'zigongono. Anandipatsa moni atagwira mkono, n'kusenza chikwama changa pamutu ngati tili ku Linthipe. Mumtima ndinati mowa suli apa, womwa mowa maso ake sakhala otere. Mwina ndi mkazi uja.

Amakhala kuseri kwa nyumba ya eni ake, chipinda chimodzi ndi galaja. M'chipindamo muli bedi lotchingidwa ndi katani, kasitovu ka mbale ziwiri, ndi ndowa ya madzi. M'galajamo ndinapeza matiresi asanu atasanjikizana pakona.

"Onsewa ndi a ndani?"

"Muwaona madzulo, amalume."

Ndinawaonadi. Anyamata awiri a ku Mangochi, amene afika sabata yatha nambala ya m'bale wawo n'kupezeka kuti siikugwira. Bambo wina wa ku Mzimba, dzanja lili m'bandeji, makina odulira matabwa anamudya zala ziwiri ndipo ntchito inathera pomwepo. Mtsikana wa ku Mulanje ndi khanda, amene amagona kuseri kwa katani ndi apongozi anga, mkazi wa muphwa wanga, mwini bedi n'kumagona m'galaja. Palibe ndi mmodzi yemwe wachibale. Mmodzi wa anyamata a ku Mangochi anayala katoni pakona n'kuyamba kuswali, ndipo muphwa wanga anachepetsa wailesi.

Achemwali anandipatsira usipa, mfutso ndi nsinjiro kuti mwana wawo akadye mwezi wathunthu akukumbukira kwawo. Usipawo watha usiku womwe uno. Ndinkawerenga manja olowa m'mbale, ndipo ndisaname, zinandiwawa.

Lachinayi

Apongozi amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena kumpoto kwa mzinda, ndipo Lachinayi ndi tsiku lawo lopuma. Kupuma kwake n'kuchapa mabulangete a anthu asanu ndi awiri m'madzi ozizira ngati a mufiriji. Ndinakhala pa kreti ndikuotha dzuwa, iwo akufinya.

Ndinayamba mozungulira, monga timachitira, za nyengo, za mitengo ya zinthu. Iwo anapukuta manja, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kope la ana asukulu lothimbirira.

"Mwabwerera izi, amalume. Werengani nokha."

Tsamba lililonse lili ndi tsiku, dzina, mudzi, mfumu, ndi ndalama. Tikiti ya basi ya mayi wodwala wobwerera ku Nkhotakota. Mankhwala. Lendi ya mwezi umodzi ya mnyamata amene anagwidwa opanda mapepala n'kutsekeredwa ku Lindela, kuti katundu wake asatayidwe panja. Ndipo mobwerezabwereza mawu amodzi: bokosi, bokosi, bokosi. Munthu akamwalira kuno, Amalawi amasonkherana kuti mtembo upite kwawo, wina 50 rand, wina 100. Zikapanda kukwana, womalizitsa ndi mwini kopeli. Masamba a Seputembala 2023 ndi odzaza mpaka m'mphepete.

Ndinafunsa ngati iwo zimawasangalatsa. Anaseka pang'ono, kuseka kosatuluka mano.

"Amalume, ine kwa Mulungu sindinalonjeze kanthu. Analonjeza ndi iwowo. Koma wophika ndine, wochapa ndine. Mwana wathu ali kwa amayi ku Ntcheu chifukwa muno mulibe pomugoneka. Ndatha zaka ziwiri ndikumuonera pa WhatsApp. Mano akutsogolo anagweruka ine kulibe, amera ine kulibe."

Ndinati nanga bwanji osawakaniza. Anayang'ana kukhomo kumene mtsikana wa ku Mulanje ankayamwitsa.

"Uyu anamupeza pa benchi pa Park Station, khanda lili ndi masiku 12. Ndikanati abwerere pa benchipo?"

Ndinalibe poyankha. Ndinawathandiza kuyanika mabulangete, chinthu chimene kwathu sindinachitepo.

Lachisanu, m'tauni

Wandiperekeza ndi bambo wa ku Mzimba uja, poti masiku ano alibe kopita. Wandiphunzitsa kuimitsa takisi ndi chala choloza kumwamba ukafuna ya m'tauni, ndi kupatsirana ndalama kuchokera kumbuyo mpaka zifike kwa wokhala pambali pa dalaivala. Chenji chimabwerera momwemo, osasowa ndi senti.

Anayamba kundionetsa nambala 80, Albert Street, ku Marshalltown. Nyumba yansanjika, mazenera akuda ndi mwaye, pakhomo potseka. Kale, nthawi ya tsankho, inali ofesi ya ziphaso zimene munthu wakuda ankayenera kuyenda nazo kuti aloledwe kukhala mumzinda. Pambuyo pake munadzaza anthu osauka, atagawa zipinda ndi matabwa ndi makatoni. Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka, anthu 76 n'kufa, Amalawi ali m'gulumo. Mnzangayu akuti muphwa wanga anatha sabata ziwiri akuyenda pakati pa pamalopa ndi nyumba yachisoni ya ku Diepkloof, akuperekeza achibale osadziwa Chingerezi kapena Chizulu kukazindikira anthu awo. Mabwana ake awiri anamuchotsa ntchito chifukwa chojomba. Ndalama ya malata inali itakwana mwezi umenewo, anali atauza ndi mayi ake kuti afunse mitengo kwa Chimbiya. Ndinakumbuka kuti achemwali anafunsadi, anayitana ndi mmisiri kudzayeza.

Kuchoka apo tinayenda wapansi mpaka Pritchard Street, pafupi ndi khoti lalikulu, pamene pali tchalitchi cha Central Methodist. Bishopu Paul Verryn anatsegula zitseko za tchalitchichi kwa othawa kwawo, makamaka a ku Zimbabwe, ndipo ziwawa zothamangitsa alendo zitabuka mu Meyi 2008, zimene zinapha anthu 62, chiwerengero chinakwera kufika masauzande. Ankagona pa masitepe, m'makonde, pakati pa mabenchi. Oyandikana nawo anadandaula za fungo ndi uve, akhristu ena a mpingo womwewo anadandaulanso, bishopuyo anaimitsidwapo pa udindo mu 2010, ndipo otsala anatuluka cha kumapeto kwa 2014.

Ndinaima tsidya la msewu ndikuyang'ana makomawo, ndipo ndinadzifunsa kuti ndikanakhala mkulu wa mpingo umenewu ndikanaima mbali iti. Yankho ndikulidziwa. Zaka zitatu zapitazo munthu wina wodwala misala ankagona pakhonde la tchalitchi chathu, ndipo amene anapereka ganizo logula loko wa pageti ndine. Ndinali ndi zifukwa zomveka, ndipo mpaka lero ndikhoza kuzitchula zonse. Odandaula a pa Pritchard Street nawonso anali nazo zomveka. Chimbudzi chikasefukira chasefukira, ngakhale m'nyumba ya Mulungu.

Loweruka usiku

Lero ndiye tsiku la mlandu. Wabwera kuntchito mdima utagwa, manja ali ming'alu yokhayokha. Amasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba zinayi zosiyana. Titadya ndinati tiye panja. Tinakhala pa makreti, mbaula ili pakati.

Sindinamunyengerere. Ndinamuuza za mphasa ya mayi ake. Ndinamutsegulira 1 Timoteo 5:8, pamene Paulo akuti wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro. Ndinamutsegulira Marko 7, pamene Yesu mwini akudzudzula anthu onena kuti chimene akanathandiza nacho makolo ndi Korban, choperekedwa kwa Mulungu. Ndinati iwe, kopeli si Korban wako? Ndinakonzeka kuti atsutse, mavesi ena ndinali nditapinda kale masamba.

Anangoti, "Mukunena zoona, amalume."

Kenaka anandiuza zimene sanauzepo mayi ake. Anafika kuno mu Febuluwale 2015. Mu Epulo ziwawa zinabukanso, zinayambira ku Durban n'kufika ku Jeppestown kumene ankagona m'shopu ya munthu. Usiku wina gulu linabwera ndi zibonga likuitana makwerekwere. Anathawa opanda nsapato, n'kugogoda pa chitseko choyamba chimene anachipeza. Anatsegula ndi gogo wina wa Chizulu, wovala yunifomu ya amayi a mpingo, amene sankamva ndi liwu limodzi la Chichewa. Gogoyo anamulowetsa pansi pa bedi, n'kukhala pampando pakhomo ndi Baibulo pamiyendo. Anthu aja atafunsa, anawayankha mawu amene mnyamatayu sanawamve, ndipo anapitirira. Anakhala m'nyumbamo masiku anayi. Mdzukulu wa gogoyo anali m'gulu lomwelo la zibonga, ndipo ankadziwa amene ali pansi pa bedi. Chichokereni tsiku limenelo sanalankhulenso ndi agogo ake.

"Pansi pa bedi paja ndi pamene ndinamva kuitana, amalume. Kalasi ndinaphunzira kwathu, ubatizo ndinabatizidwa ndili mwana, inu nomwe munalipo. Koma paja ndinati, Ambuye, ndikatuluka wamoyo, chitseko changa sichidzatsekedwa. Tsopano foni ikalira 4 koloko m'mawa, munthu ali pa Park Station akulira, ndiziti chiyani? Ndiziti dikira ndikhome kaye malata?"

Ndinati Yesu yemweyo, pa Luka 14, anati wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Iwe unawerengera?

Anatakasa makala nthawi yaitali.

"Ndinawerengera zanga. Njala, tulo, nsapato. Za amayi ndi za mayi a mwana sindinawerengere. Ndinkayesa mtanda ndi wa munthu mmodzi."

Pamenepo ndi pamene tinasiyira. Iye sanapambane, inenso sindinapambane. Mbaula inazima tili chete.

Lamulungu

Amapemphera m'kalasi ya sukulu ina imene amachita lendi maola atatu. Anthu ngati 40, mipando ya ana, mawondo kufika pachifuwa. Nyimbo ndi zomwe zija za m'buku lathu, ndipo atayamba kuimba ndinatseka maso n'kuona ngati ndili kwathu, kungoti panja pamadutsa ma siren. Pa zolengeza anawerenga mayina a odwala, a ofuna ntchito, ndi a mmodzi womwalira Lachinayi ku chipatala. Mbale inazungulira kawiri.

Monga mlendo, komanso mkulu wa mpingo wochokera kumudzi, anandipatsa mawu. Ndinali nditakonza Luka 9:23, za kudzikana ndi kunyamula mtanda tsiku ndi tsiku. Ulaliki umenewu ndaulalikapo kosawerengeka, ndipo ndimaudziwa pokweza mawu ndi potsitsa. Ndimati mtanda ndi matenda, mtanda ndi umphawi, mtanda ndi mwamuna woledzera. Lero ndili kutsogolo ndinaona kuti ndakhala ndikusakaniza zinthu ziwiri. Matenda amakugwera osawafuna. Mtanda wa pa vesili munthu amachita kuwerama n'kuutola, ali ndi mpata wousiya pomwepo. Apongozi anali pa mzere wachiwiri, khanda la eni ake lili kumsana. Ndinalalika mphindi 10 zokha, ine amene kwathu amandikodola ndi wotchi.

Masana muphwa wanga ananditengera ku Melville Koppies, timapiri ta miyala ndi udzu wouma pakati pa mzinda. Lamulungu kumadzaza timagulu ta Ziyoni ndi Apostoli, mikanjo yoyera, yobiriwira ndi yabuluu, akuzungulira m'mabwalo opondedwa mpaka dothi kulimba, ng'oma ikulira, mphepo ikuwaomba. Ife a mipingo ya mabenchi timawaderera anthu amenewa. Koma kuzizira kumene kunalipo, ine sindikanavula nsapato.

Msewu umene tinadzera ndi Beyers Naudé Drive, ndipo dzinali linandigwira chifukwa ndi la mbusa wa Dutch Reformed Church, mpingo womwe unatumiza amishoni ku Mvera mu 1889 n'kubala sinodi yathu ya Nkhoma. Munthuyu anali ndi zonse. Bambo ake anali m'gulu la oyambitsa Broederbond, bungwe lachinsinsi la Mabunu, iye mwini anali membala, anali mbusa wa mpingo wolemera wa Aasvoëlkop kufupi ndi komwe tinali, ndipo anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa sinodi. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville mu 1960, mtima wake unakana kupitiriza kudalitsa tsankho ndi Baibulo. Mu 1963 anamuuza kuti asankhe, ubusa kapena bungwe la Christian Institute limene linkaphatikiza akhristu a mitundu yonse. Analalika pa Machitidwe 5:29, kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu, n'kuvula mkanjo. Anthu ake anamutcha wogulitsa mtundu. Kuyambira 1977 mpaka 1984 boma linamuletsa kuyenda momasuka, osaloledwa kukumana ndi anthu oposa mmodzi nthawi imodzi. Atamwalira mu 2004, phulusa lake analimwaza ku Alexandra, kumene ankapemphera ndi anthu akuda.

Lero ali ndi msewu, ali ndi bwalo m'tauni. Koma m'takisi muja ine ndinkaganiza za akazi awo, a Ilse. Tsiku limene mwamuna anavula mkanjo, nyumba ya abusa inatha, amayi a mpingo amene ankamwa nawo tiyi anayamba kuyang'ana kumbali, ali ndi ana anayi. Msewu wa dzina lawo sindinauone.

Lolemba

Ndachita zimene malume amachita, kuitanitsa bwalo. Dzulo titaweruka ndinapempha akuluakulu a gulu lija kuti atsale, ndipo ndinawauza kuti mutu umodzi susenza denga, alendo a pa Park Station si a munthu mmodzi. Mabanja awiri anavomera kutengako mmodzi mmodzi. Pofika madzulo ano banja lina latumiza uthenga kuti mwini nyumba wakana. Lina latengadi mnyamata mmodzi wa ku Mangochi. Matiresi atsala anayi.

Tagwirizananso kuti malipiro a nyumba imodzi mwa zinayi zija azisunga apongozi, theka la malata, theka la tikiti yawo yokaona mwana pa Khirisimasi, ndipo mwini kope asakhudzeko ngakhale kutagwa maliro. Wavomera akuyang'ana pansi. Apongozi anandiyang'ana ine, ndipo maso awo ankati: inu mukupita mawa, foni ikalira ndidzakhala ndi iwowa ndine.

Wandipatsa envelopu. Ndawerenga kawiri. Ikwana malata 14. Mmisiri uja anati nyumbayo ikufuna 32.

Lachiwiri, m'basi, tadutsa Polokwane

Anandiperekeza onse awiri. Apongozi anandipatsa jumbo ya nsapato zasukulu ndi juzi yofiira, kuti ndikatsike pa Ntcheu kapena ndikatumize ndi munthu wodalirika. Ndinawauza kuti ndikapereka ndekha m'manja mwa mwanayo, ngakhale njira yanga siidzera kumeneko. Anagwada pa simenti ya Park Station anthu akudutsa, ine n'kuchita manyazi.

Tikudikira kuti akweze katundu, foni ya muphwa wanga inalira. Anayang'ana nambala, anayang'ana ine, anayang'ana mkazi wake. Inalira mpaka kuduka. Inayambanso. Apongozi ndi amene anatambasula dzanja, n'kuitenga, n'kuyankha okha: "Muli pati? Mwavala chotani? Khalani pomwepo, musapatse munthu chikwama." Basi ikutuluka ndinawaona pazenera akubwera ndi kamnyamata kovala malaya a manja aafupi, kakunjenjemera, muphwa wanga akuvula jekete lija lakutha m'zigongono.

Achemwali aimba kawiri ndili chigonere, ndinangoyang'ana foni. Ndakhala ndikusanja mawu kuyambira pa Pretoria: ndiyambe ndi malata 14, kapena ndi gogo wa ku Jeppestown, kapena ndingoti mowa ayi, mkazi wachiwiri ayi, zina tikakamba pamaso. Kachitatu ndayankha. Za malata sanafunse n'komwe. Anati, "Achimwene, mwanayo mwamuona? Wanenepa?"

Ndawauza kuti waonda.